Paul Wittgenstein: Woimba Piyano wa Dzanja Limodzi ndi Nyimbo Zimene Anatsekera M'bokosi



Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, ndimalemba pa bolodi madeti amene ana ayenera kuloweza. Pa 28 Juni 1914 Franz Ferdinand anawomberedwa ku Sarajevo. Pa 28 Julayi dziko la Austria-Hungary linayamba nkhondo ndi Serbia. Pa 11 Novembala 1918 mfuti zinaleka kulira. Ana amakopera bwinobwino, ena mpaka kulemba mzere kunsi ndi rula, koma ndikayang'ana nkhope zawo ndimaona kuti nkhondoyo sinawafike pamtima. Ndiye ndinazolowera kuika choko pansi n'kuwauza za munthu mmodzi yekha, Paul Wittgenstein wa ku Vienna, woimba piyano amene anapita kunkhondoko ndi manja awiri n'kubwerako ndi limodzi.

Kwa zaka zingapo nkhaniyi ndinkaimalizira pokoma. Ndinkati mkuluyu sanataye mtima, anaphunzira kuimba ndi dzanja lamanzere lokha, ndipo anatchuka ku Ulaya konse mpaka ku America. Ana ankaomba m'manja, belu n'kulira. Koma nditawerenga zambiri za moyo wake ndinazindikira kuti ndinkawapatsa theka lokha la nkhani. Munthu amene anachititsa kuti padziko pakhale nyimbo zapamwamba za dzanja limodzi ndi yemweyonso amene anatsekera zina mwa nyimbozo m'nyumba mwake, mpaka kukaniza mnzake woduka mkono ngati iye. Lero ndikufuna ndiifotokoze yonse.

Nyumba ya ku Vienna

Paul anabadwa pa 5 Novembala 1887. Bambo ake, Karl Wittgenstein, anali mwini mafakitale a zitsulo ndipo anali mmodzi mwa anthu olemera kwambiri mu ufumu wonse wa Austria-Hungary. Mayi ake, Leopoldine, ankaimba piyano mwaluso. M'nyumba mwawo munkabwera akatswiri opeka nyimbo monga Johannes Brahms, Gustav Mahler ndi Richard Strauss, ndipo Paul ali mnyamata anakhalapo pa piyano imodzi ndi Strauss kuimbira limodzi. Mng'ono wake Ludwig, amene anabadwa mu 1889, ndi uja anadzatchuka pa maphunziro a filosofi. Ife aphunzitsi timamudziwanso chifukwa anagawira abale ake chuma chake chonse n'kukaphunzitsa ana a pulayimale m'midzi ya ku Austria kuyambira 1920 mpaka 1926.

Musaganize kuti munali mtendere m'nyumbamo chifukwa cha chumacho. Karl anali bambo wouma mtima, wofuna kuti ana ake aamuna alowe m'bizinesi basi. Nyimbo ankazikonda, koma osati kuti mwana wake azidyera pamenepo. Mwa ana aamuna asanu, atatu anachoka padziko momvetsa chisoni. Hans, amene anali ndi mphatso yaikulu ya nyimbo, anasowa ku America mu 1902 ndipo banja linakhulupirira kuti anadzipha. Rudolf anadzipha ku Berlin mu 1904. Kurt anadziwombera mu 1918 nkhondo ikupita kumapeto. Anatsala Paul ndi Ludwig.

Paul anaphunzira piyano kwa Malvine Brée, kenako kwa Theodor Leschetizky, mphunzitsi amene anasula akatswiri ambiri a nthawi imeneyo. Komabe sanaimbe pagulu bambo ake ali moyo. Karl anamwalira mu Januwale 1913, ndipo pa 1 Disembala chaka chomwecho Paul anaonekera koyamba mu holo yaikulu ya Musikverein ku Vienna, ali ndi zaka 26. Olemba nkhani anamuyamikira. Panangopita miyezi isanu ndi itatu, nkhondo inaulika.

Bokosi la ku Omsk

Paul anali ofesala wamng'ono m'gulu la asilikali okwera pamahatchi. Mu Ogasiti 1914, nkhondo isanathe ngakhale mwezi umodzi, anatumizidwa kukazonda adani kufupi ndi tauni ya Zamość, yomwe lero ili m'dziko la Poland. Chipolopolo chinamuphwanya chigongono cha mkono wamanja. Atatsitsimuka m'chipatala cha asilikali anapeza kuti mkono aduliratu, komanso chipatalacho chinali chitagwa m'manja mwa asilikali a Russia. Anamutenga ngati mkaidi wa pankhondo, ulendo wautali wa pasitima mpaka ku Omsk, m'chigawo chozizira koopsa cha Siberia.

Kumeneko ndi kumene kunachitika chinthu chimene ana amachikonda kwambiri ndikamawauza. Paul anapeza bokosi lamatabwa, n'kujambulapo makiyi a piyano ndi khala. Tsiku lililonse ankakhala maola ambiri akugogoda thabwa losalira ndi zala zisanu, kufufuza njira yoimbira ndi dzanja limodzi nyimbo zimene ankazidziwa pamtima. Kazembe wina wa dziko la Denmark atamva za iye anathandiza kuti apite naye pamalo pomwe panali piyano yeniyeni. Mu Novembala 1915 anabwerera kwawo kudzera ku Sweden, pamene maiko awiriwa anasinthana akaidi ovulala kwambiri.

Apa ndiime kaye ndifotokoze chifukwa chake zimenezi zinali zotheka, poti ambiri amadabwa. Piyano ili ndi makiyi 88. Akumanzere amalira mawu aakulu, akumanja amalira mawu aang'ono. Tingayerekeze ndi kwaya ya kutchalitchi: dzanja lamanzere ndiye besi ndi tena, lamanja ndiye soprano amene amanyamula nyimbo. Munthu angaganize kuti kutaya dzanja lamanja ndiye kutha kwa zonse. Koma tayikani dzanja lanu lamanzere patebulo muone. Chala chachikulu, chomwe ndi champhamvu kuposa zonse, chili kumbali ya mawu aang'ono, kumene kumayenda nyimbo. Zala zinazo zili kumbali ya besi. Ndiye chala chachikulu chimatha kunyamula nyimbo, zinazo n'kumaperekeza. Kunsi kwa piyano kulinso chopondera chimene chimachititsa kuti mawu apitirize kulira ngakhale chala chitachoka pa kiyi. Woimba amamenya besi, n'kuponda, dzanja n'kulumphira kumtunda besi uja akulirabe. Khutu limamva ngati manja ndi awiri. Mukayesa zomwezi ndi dzanja lamanja mupeza kuti nyimbo ikugwera pa kachala kakang'ono kofooka. N'chifukwa chake pafupifupi nyimbo zonse za dzanja limodzi zinalembedwera lamanzere.

Paul sanali woyamba kuyenda njira imeneyi. Ku Hungary kunali Géza Zichy, amene anaduka mkono wamanja pangozi ya mfuti ali mnyamata, koma anaphunzira kwa Franz Liszt n'kumaimba m'maholo. Leopold Godowsky anali atakonzanso nyimbo zophunzirira za Chopin m'njira 53, ndipo 22 mwa izo zinali za dzanja lamanzere lokha. Paul ankazidziwa zimenezi. Kunyumba kunalinso Josef Labor, mkulu wosaona woimba ogani, bwenzi la banja lawo, amene anayamba kumupekera nyimbo. Mu Disembala 1916 Paul anaimirira pamaso pa anthu a ku Vienna ndi mkono wa jekete wopanda kanthu, n'kuimba nyimbo ya Labor pamodzi ndi gulu lalikulu la zoimbira, lija amati orchestra. Chodabwitsa n'chakuti atatero anabwereranso ku usilikali, n'kukatumikira kumbali ya Italy.

Kugula nyimbo

Vuto lalikulu linaonekera nkhondo itatha. Woimba wa manja awiri ali ndi nyimbo za zaka mazana ambiri zoti asankhepo, za Bach, Mozart, Beethoven ndi ena osawerengeka. Paul anali ndi zochepa chabe, ndipo zambiri mwa izo zinali zongophunzirira kapena zongoonetsera luso. Iye sankafuna kuti anthu azibwera kudzaonera munthu wolumala akuyesetsa. Ankafuna kuti azibwera kudzamvera nyimbo.

Akuluakulu amati chala chimodzi sichiswa nsabwe. Paul anali ndi zala zisanu, koma analinso ndi chinthu china chomwe asilikali anzake ovulala analibe: chuma cha bambo ake. Anayamba kulembera makalata opeka nyimbo otchuka kwambiri a ku Ulaya, kuwalipira ndalama zambiri kuti amulembere ma concerto. Concerto ndi nyimbo yaitali imene woimba mmodzi amayankhizana ndi gulu lonse la orchestra. Mu 1923 Erich Korngold, Franz Schmidt ndi Paul Hindemith aliyense anamulembera yake. Richard Strauss anamulembera ziwiri, ina mu 1925 ina mu 1927. Maurice Ravel wa ku France analemba yake mu 1929 ndi 1930. Sergei Prokofiev wa ku Russia anamaliza yake mu 1931, ndipo Benjamin Britten wa ku England anatsatira mu 1940. Taganizirani, munthu mmodzi kusonkhanitsa maina onsewa. Mtundu wa nyimbo umene unali wosowa unadzaza m'zaka zosakwana makumi awiri.

Koma ndalamazo zinkabwera ndi lamulo. Paul ankafuna kuti iye yekha ndiye aziimba nyimbozo, zina kwa zaka zingapo, zina kwa moyo wake wonse, ndipo mapepala a manotsi ankasunga yekha. Komanso anali ndi makonda ake. Mtima wake unali pa nyimbo za m'zaka za m'ma 1800, zokoma kukhutu, pomwe ambiri mwa anthu amene ankawalipirawo anali opeka nyimbo zamakono. Kawirikawiri ankadandaula kuti orchestra ikumukwirira, dzanja limodzi silikumveka. Anakangana ndi Strauss pa zimenezi, anadzakangananso ndi Britten. Amene ankagwirizana naye kwambiri anali Schmidt, yemwe kapekedwe kake kanali kachikale.

Mkangano wotchuka ndi wa iye ndi Ravel. Anthu awiriwa anali mbali zosiyana pankhondo ija, chifukwa Ravel ankayendetsa galimoto ya asilikali a France kufupi ndi Verdun mu 1916. Concerto imene analemba ndi ya chigawo chimodzi, yosakwana mphindi 20. Imayamba ndi mawu apansi kwambiri, ngati kugunda kwa mvula yakutali, n'kumakwera pang'onopang'ono mpaka piyano italowa yokha ndi mphamvu yoti munthu wotsinzina sangakhulupirire kuti ndi dzanja limodzi. Ravel anachita dala zimenezo, sankafuna kuti nyimboyo imveke yopepuka kuposa ya manja awiri. Paul anaiimba koyamba ku Vienna pa 5 Januwale 1932, Robert Heger akutsogolera orchestra.

Ravel sanalipo tsiku limenelo. Atafika ku Vienna pambuyo pake n'kuimva kunyumba kwa Paul, anapeza kuti mkuluyu wasintha malo ena, kutenga mizere ya orchestra n'kuipereka kwa piyano, kuwonjezeranso zokometsera zake. Ravel anakwiya kwambiri. Paul anaumirira kuti woimba si kapolo wa wopeka nyimbo, Ravel n'kuyankha kuti ndi kapolo ndithu. Anadzagwirizana pang'ono, moti mu Januwale 1933 anaimbira limodzi ku Paris, Ravel akutsogolera. Koma Ravel anayenera kudikira mpaka 1937, nthawi ya pangano itatha, kuti woimba wina amene iye anamusankha, Jacques Février, aiimbe monga inalembedwera. Ravel anamwalira mu Disembala chaka chomwecho. Lero concerto imeneyi ndi imene imaimbidwa kwambiri pa nyimbo zonse zimene Paul anagula, ndipo imaimbidwa monga mmene Ravel anafunira.

Ya Ravel inachita mwayi chifukwa inamveka. Ya Prokofiev, Paul ataiona anati sakuimvetsa, ndipo sanaiimbepo pagulu ngakhale kamodzi. Ya Hindemith chimodzimodzi. Analipira, analandira mapepala, n'kuwasunga. Popeza ufulu woimba unali wake, panalibenso wina akanatha kuzikhudza.

Chaka cha 1938

Mu Malichi 1938 Adolf Hitler analanda Austria n'kuiphatikiza ku Germany. Malamulo a ku Nuremberg a 1935, amene ankasankha anthu potengera mtundu wa agogo awo, anayamba kugwira ntchito ku Vienna. Ana a Karl Wittgenstein anakula ngati Akatolika ndipo sankadziona ngati Ayuda. Koma mwa agogo awo anayi, atatu anabadwa Ayuda, ndiye kwa boma la Nazi iwo anali Ayuda basi. Paul, amene anapereka mkono wake pomenyera dziko lomwelo, analetsedwa kuimba pagulu. Analetsedwanso kuphunzitsa pa sukulu ya nyimbo ya Neues Wiener Konservatorium, komwe ankaphunzitsa kuyambira 1931.

Panalinso ngozi ina. Paul anali ndi ana awiri aakazi ndi Hilde Schania, mmodzi mwa ophunzira ake, mayi wovutika maso amene sanali Myuda. Kwa Anazi ubwenzi woterewu unali mlandu wopita nawo kundende. Paul anathawira ku Switzerland, ndipo mu Disembala 1938 anafika ku New York. Hilde ndi ana anatuluka m'njira ina mpaka kukafika ku Cuba, komwe awiriwa anakwatirana mumzinda wa Havana mu 1940.

Alongo ake awiri, Hermine ndi Helene, anakana kuchoka ku Vienna. Chuma chachikulu cha banja chinali ku Switzerland, kumene dzanja la Hitler silinkafika, ndipo banki yaikulu ya Germany, Reichsbank, inkachifuna. Ndiye panakhala malonda ochititsa manyazi. Banja linapereka gawo lalikulu la golide ndi ndalama zakunja, boma n'kuvomereza nkhani yakuti agogo awo aamuna, Hermann Christian Wittgenstein, sanali Myuda. Mwa njira imeneyo alongo aja analembedwa kuti ndi a magazi osakanikirana, ndipo anakhala m'nyumba zawo mpaka nkhondo yachiwiri itatha. Paul analimbana nazo zimenezi kudzera mwa maloya. Iye ankaona kuti akumulanda gawo lake n'kulipereka kwa anthu omwe anamuthamangitsa, pomwe alongo akewo akanatha kungosamuka. Alongo ake ankaona kuti akuika ndalama patsogolo pa miyoyo yawo. Pomaliza anasaina, koma chibale chinathera pomwepo. Iye ndi Ludwig sanaonanenso mpaka Ludwig anamwalira ku Cambridge mu 1951.

Ku America Paul anapitiriza kuimba ndi kuphunzitsa. Mu Januwale 1942 anaimba koyamba nyimbo ya Britten yotchedwa Diversions ndi Philadelphia Orchestra, Eugene Ormandy akutsogolera. Anakhala nzika ya dzikolo mu 1946. Mu 1957 anasindikiza buku la magawo atatu lophunzitsa kaimbidwe ka dzanja lamanzere, School for the Left Hand. Mmodzi mwa ophunzira ake anadzafotokoza kuti akamawasankhira zala zoti agwiritse ntchito ku dzanja lamanja, kachidutswa ka mkono wake kankagwedezeka, chifukwa iye ankamvabe zala zimene zinadulidwa mu 1914 ndipo ankayesera nazo m'maganizo. Tiyeneranso kunena zoona kuti kaimbidwe kake m'zaka zakumapeto kanatsika, ndipo zojambulidwa zimene zatsala sizionetsa ukatswiri umene anthu a m'ma 1920 ankauyamikira.

Kalata ya Siegfried Rapp

Tsopano ndafika pa gawo limene ndinkalidumpha m'kalasi. Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse inadulanso mikono ya anthu ena. Mmodzi mwa iwo anali Siegfried Rapp, woimba piyano wa ku Germany amene anabadwa mu 1917, ndipo anataya mkono wamanja kunkhondo ya ku Russia. Mu 1950 Rapp anapempha Paul kuti amulole kuimba zina mwa nyimbo zake. Ngati panali munthu padziko lonse wodziwa zimene Rapp ankamva, anali Paul. Koma anakana. M'kalata yake anayerekeza ndi nyumba, kuti munthu samanga nyumba kuti muzikhala wina. Anati nzeru inali yake, ndalama zinali zake, ndipo nyimbozo zikhala zake malinga ngati iye akuimbabe.

Nditawerenga zimenezi koyamba ndinakhumudwa, ngati munthu wapeza kuti amalume ake amene amawatamanda kwa anzake ndi oumira. Koma mbiri siifuna kuti tiweruze tisanamve mbali zonse, ndiye tiyeni timumvere. Paul analibe nyimbo zina. Eni maholo akanapeza woimba wotchuka wa manja awiri, kapena wachinyamata wa dzanja limodzi, woimba concerto ya Ravel kapena ya Strauss, ndani akanaitananso nkhalamba? Ndipo mantha akewo sanali opanda maziko. Iye atathawa ku Vienna ndipo Franz Schmidt atamwalira mu 1939, woimba wina, Friedrich Wührer, anatenga nyimbo zimene Schmidt analembera Paul n'kuzikonzanso kuti zikhale za manja awiri, ndipo zinkaimbidwa kwawo komweko iye ataletsedwa. Munthu amene analandidwa mkono, dziko, nyumba, gawo la chuma ndi abale, n'zosadabwitsa kuti chotsala anachifumbata zolimba. Mwinanso zinali zovuta kwa iye kuthandiza munthu amene anavala yunifolomu ya asilikali a Hitler, ngakhale chifukwa chimene anapereka chinali cha umwini.

Zonsezi ndikuzimvetsa. Komabe pali funso limene silindichoka: nanga nyimbo zimene iye sankaziimba n'komwe? Ya Prokofiev inali itagona zaka pafupifupi 20. Kuipereka sikukanamuchotsera holo iliyonse. Rapp sanagwe mphwayi, anapeza manotsi kudzera kwa mkazi wamasiye wa Prokofiev, ndipo anaiimba koyamba ku Berlin mu 1956, patapita zaka 25 chilembedwere. Prokofiev anali atamwalira mu 1953 osaimvapo.

Ya Hindemith inadikira nthawi yaitali kuposa pamenepo. Paul anamwalira pa 3 Malichi 1961 ku Manhasset, kufupi ndi New York. Hindemith anamwalira mu 1963. Mkazi wa Paul anasunga mapepala onse motseka m'nyumba ya pafamu ku Pennsylvania mpaka naye anamwalira mu 2001. Mu 2002 anthu ofufuza katundu wotsalayo anapeza manotsi a nyimbo ija ya 1923. Inaimbidwa koyamba mu Disembala 2004 ndi Berlin Philharmonic, Simon Rattle akutsogolera. Zinatenga zaka 81. Amene anakhala pa piyano tsiku limenelo anali Leon Fleisher wa ku America, katswiri amene zala za dzanja lake lamanja zinayamba kupindika mu 1964 chifukwa cha matenda a minyewa, ndipo kwa zaka pafupifupi makumi atatu ankaimba m'maholo ndi lamanzere lokha. Nyimbo zimene zinamusunga pa ntchito m'zaka zimenezo zinali zomwe zija Paul anagula, ya Ravel, ya Prokofiev ndi ya Britten. Pambuyo pake kunabweranso ena, monga Nicholas McCarthy wa ku Britain, amene anabadwa wopanda dzanja lamanja ndipo anamaliza maphunziro ku Royal College of Music ku London mu 2012. Onsewa analowa m'nyumba imene Paul anamanga, ija ankati simukhala wina.

Zimene ndimauza ana tsopano

Bokosi la ku Omsk ndimalitchulabe, chifukwa kulimba mtima kumeneko kunali kwenikweni ndipo ndalama sizikanagula maola amene anakhala akugogoda thabwa kozizira kuja. Koma ndimawonjezera kuti asilikali ambirimbiri anabwerera kwawo opanda manja kapena miyendo, ndipo maina awo sitiwadziwa chifukwa analibe bambo wa mafakitale a zitsulo. Tikamauza mwana wolumala kuti angolimbikira ngati Wittgenstein, osamupatsa zipangizo, tikumunamiza. Kenako ndimawawerengera nkhani ya Rapp, n'kuwafunsa kuti iwo akanatani. Kalasi imagawikana pakati. Ena amati analipira, n'zake. Ena amati nyimbo yosaimbidwa ndi mapepala chabe. Mkangano umenewo umandipindulira kuposa kuomba m'manja kuja.

Ndiulule kanthu kena. Ine ndili ndi faelo ya manotsi a Mbiri amene ndawalemba ndi kuwakonza kwa zaka zambiri. Mphunzitsi wina wachinyamata atangofika kumene anandipempha kuti aibwereke akakopere, ndipo ndinamuzemba sabata zingapo, mumtima ndikuti thukuta langa asadyere wina. Mitu ina ya m'faelomo sindinkaiphunzitsanso n'komwe. Tsiku lina ndikukonzekera phunziro lomweli, ndikuwerenganso za kalata ya 1950, ndinachita manyazi ndekha. M'mawa mwake ndinaipereka. Makolo anati kupatsa n'kuika, ndipo mawu amenewa ndinkawaphunzitsa ana ndisanawachite.

Sindikumuweruza Paul Wittgenstein ngati munthu woipa. Popanda iye, concerto ya Ravel sikanalembedwa, ndipo oimba ambiri ovulala manja akanasiya ntchito. Koma dzina lake likukumbukika lero chifukwa cha nyimbo zimene zinatuluka m'manja mwake n'kufika kwa ena, zina iye asakufuna. Ngati muli ndi intaneti yokwanira, fufuzani concerto ya Ravel ya dzanja lamanzere, muimvere koyamba mutatsinzina, kenako muonere kanema wake. Mukatero mukumbukire kuti panali inzake imene inadikira zaka 81 isanaimbidwe.

Tikumananso tikamadzakamba za Pangano la ku Versailles.